Pansi pa Msewu wa Jules

Anayamba ndi chikwangwani.
Lolemba m'mawa, pakona pomwe Nankhwenya amaotcha chimanga,
anakhoma chithunzi chachitali kuposa basi:
mitengo yometedwa bwino, nyali zoyera mbee,
anthu oyenda manja lende, opanda jumbo, opanda ngongole,
ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wofanana nafe.

Ine anandipatsa piki, chipewa cholimba ndi jekete lowala.
Kapitawo Sefako anajambula mzere wofiira paphula
kuchokera pa butchala mpaka pa maloboti akufa aja,
nati, Malawi, kumba apa.
Dzina langa ndi Lingisoni, koma dzuwa linali litakwera kale.
Ndinangokumba.

Msewu uli ndi m'mimba ngati mbuzi,
ukaung'amba umaona zomwe unadya:
paipi yachitsulo yobooka ngati dzino lachibwano,
imene yakhala ikulira mobisa zaka zosawerengeka
ife pamwamba tikundanda ndi zigubu kudikira thanki;
mawaya oduka pakati, mkuwa wake unapita usiku pa wilibala;
kabotolo ka mankhwala a chifuwa, kosasweka;
ndiye pansi pa zonsezo, njanji ziwiri
zogona phee, zikulozabe kumene zinkapita.

Ndinakhala panjanjipo n'kudya buledi wanga.
Bambo a bambo anga anabwera kuno pa Theba,
anatsika kuposa apa, kumene kulibe m'mawa,
nabwerera ku Ntcheu ndi wailesi, jasi ndi chifuwa.
Iwo ankafukula kuti mzinda ukwere,
ine ndikukwirira kuti usagwe.
Banja lathu ndi nthaka ya Joni timapatsana moni ndi fosholo.

Miyezi inayi fumbi linachita lendi m'masitolo.
Che Maulidi anafunditsa makina awo osokera chitenje
ngati mwana wodwala malungo.
Tinawaikira thabwa lowolokera ngalande,
koma mkwatibwi uti angayende pathabwa atanyamula diresi?
Tsiku lililonse ankandifunsa, mumaliza liti, achimwene?
Tsiku lililonse ndinkati posachedwapa,
bodza lomwe nanenso ndinachita kupatsidwa ndi Sefako.

Kenako tinamaliza.
Madzi anabwera Lachinayi masana, akutsokomola m'mipopi,
ofiira poyamba, kenako oyera,
mayi wa saluni anatsuka mutu wa kasitomala akuimba.
Usiku nyali zinayaka zonse nthawi imodzi
ndipo tinaonana nkhope koyamba,
ena tinadabwa kuti takalamba chonchi.

Kalata ya eni nyumba inafika Lolemba.
Msewu wakongola, inatero, lendi nayonso ikongole.
Che Maulidi anakweza makina pa bakki ya mnzawo,
ulusi wobiriwira ukukwekwereka pa njerwa zanga zatsopano
mpaka unaduka pa maloboti, amene tsopano akuphethira.
Nankhwenya anamuuza kuti utsi umadetsa mitengo.
Mbaula yake ili kuseri kwa siteshoni,
akuti chimanga chimapsa chimodzimodzi kulikonse
koma ogula sadziwa njira.
Pomwe panali telala akugulitsapo khofi
wa mtengo wa maola anga awiri.

Sindikudandaula, madzi ndi madzi,
nanenso ndimasamba.

Dzulo mwana wanga Tiyamike anati nditumize chithunzi.
Ndinaima pakati pa msewu, ndinajambula.
Anayankha msanga: nanga inu mwamanga chiti pamenepa?
Ndinayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.
Zanga zonse zili pansi, mwanawe,
mamita awiri kuchokera ku nsapato za anthu awa.
Koma pa chitsekero chachitatu kuchokera pa butchala,
munthu akadzatsika ndi tochi zaka zikubwerazo
paipi yanga nayo itayamba kulira,
adzapeza pakhoma, pomwe simenti inali yaiwisi,
ndinalemba ndi msomali: Lingisoni, wa kwa Ganya.

Mawa tikuyamba msewu wina.
Chikwangwani akhoma kale.